Zikomo pondithandiza kusonkhanitsa mabuku a mfuti

Abale anga kuno ku Johannesburg, shelefu yanga ya mabuku a mbiri ya mfuti yadzaza chifukwa cha inu.

Achimwene ogulitsa mabuku akale pafupi ndi Park Station, munandisungira buku lofotokoza za Lee-Enfield .303, mfuti imene asilikali a King's African Rifles, agogo athu ena ali momwemo, ankanyamula pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Masamba ake anachita chikasu, koma zithunzi zonse zilimo. Ndalama zitandiperewera munati nditenge, ndidzalipire mwezi ukatha. Mulungu akudalitseni.

Nanunso amayi a kutchalitchi kwathu ku Rosettenville, amene munandipatsa mabuku a malemu bambo a kunyumba kwanu, ndathokoza ndi mtima wonse. Lija lolongosola lamulo la mfuti la kuno ku South Africa, la Firearms Control Act la 2000, ife alonda tikubwerekana mosinthana.