Jessica wa ku London ndi agogo a ku Chilobwe

Sabata ino yanditopetsa koma ndaseka heavy. Ndimaphunzitsa kalembedwe ka nkhani pa yunivesite ina muno mu Blantyre, ana a chaka chachiwiri, ndiye ndinawapatsa asayimenti yoti aliyense apeke nkhani yaifupi, masamba atatu basi. Lolemba ndikuwerenga mu minibasi kuchokera ku Chirimba mpaka pa Ginnery Corner ndinangoti mayo ine. Mnyamata wobadwira ku Ndirande, wakulira konko, nkhani yake ikuchitikira ku London, panja kukugwa snow, mtsikana dzina lake Jessica akumwa khofi pawindo. Lachiwiri ndikumufunsa kuti iwe snow unaiona kuti, akuti "pa TV madamu". Kalasi yonse gwaa kuseka, chonsecho ambiri mwa osekawo analinso ndi ma Jessica awo.

Lachitatu sindinaphunzitse, ndinawathamangitsira mu msika wa Limbe kuti akakhale ola limodzi, foni mthumba, azikangomvetsera mmene anthu amayankhulira. Zomwe anabwera nazo eeh. Kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi tinyamuke pomwe minibasi ili ndi anthu atatu, mayi wa bonya akuuza kasitomala kuti "basela ndakuikirani kale dadi, mukufuna nditseke geni?" Ndinawauza kuti mzere umodzi umenewo wamuonetsa mayiyo kuposa ndime yonse yonena kuti anali mayi wolimbikira komanso wanthabwala.

Koma chomwe chandikhala pamtima ndi cha Lachinayi, kalasi ya nkhani zochitikadi. Mtsikana wina, amalemba bwino kwabasi, analemba za ku Chilobwe, mmene namondwe wa Freddy anagwetsera matope ndi miyala kuchokera mphiri la Soche mu Malichi 2023. Munali agogo ena akufotokoza usiku umenewo, mawu ake okoma moti ndinayamba kukaikira, munthu woti nyumba inapita ndi madzi sayankhula mosalala choncho. Ndinamuitanira ku ofesi, ndikuti tandimvetsera rekodingi. Zii. Kenako anaulula kuti anacheza ndi anthu atatu, nkuwaumba kukhala gogo mmodzi, mawu ena nkuwonjezera yekha kuti zigwire mtima.

Inali nkhani yabwino kuposa zonse mkalasimo, ndipo ndinamubwezera. Ndinamuuza kuti utha kudula, utha kuyambira kumapeto, utha kujambula malowo mpaka owerenga amve fungo la matope, koma kuika mawu mkamwa mwa munthu amene sananene ayi. Ukafuna gogo wakoyo akhale, ilembe kuti ndi yopeka, palibe angakuletse. Iye akuti "koma madamu zonsezo zinachitikadi". Inde mwana wanga, koma sizinachitikire munthu mmodzi, ndipo atatu ajawo anakupatsa nkhani zawo akukukhulupirira.

Zinandikumbutsa akuluakulu a Writers Group ku Chanco, gulu la alembi lija linayamba mu 1970 nthawi ya Kamuzu, Censorship Board ili maso. Iwowo choona ankachibisa m'ndakatulo ndi m'nthano poopa unyolo, ndipo a Jack Mapanje anakakhalabe kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ndinawafotokozera ana anga zimenezi, ena anali pa WhatsApp, sindikunama.

Lachisanu ndinachongera ntchito kunyumba ndi tochi ya foni poti magetsi anathima cha m'ma 6. Mtsikana uja wanditumizira meseji kuti Loweruka abwereranso ku Chilobwe kukacheza ndi mmodzi yekha, ndipo wapempha sabata ina, ndamupatsa. Mnyamata wa snow naye wabweretsa yokonzanso. Jessica wasamuka, pano akukhala ku Ndirande kufupi ndi msika, amatunga madzi pa kiyosiki, mayi ake amagulitsa mandasi. Koma khofi uja sanasiye, akumwabe pawindo.