Lero ndakaona hatchi yoyera ya ku Uffington

Lero sindinali pa shifiti ndiye achemwali anati tiyeni achimwene mukaione ndi maso hatchi mumangoimvayo. Kuchokera kuno ku Swindon, ku England, ndi pafupi zedi, sitinathe ndi ola lomwe. Galimoto tinaisiya pomwe a National Trust, bungwe losamalira malo akale, anakonza poimika, kenako wapansi kukwera phiri, nkhosa zili mbwee kudya udzu, mphepo yake yolasa mpaka m'mafupa moti mwana wa achemwali anabisa manja m'jekete langa.

Ine ndimaganiza kuti ndikapeza chiboliboli choimirira ngati zam'tauni. Ayi ndithu. Hatchiyi ili chigonere paphiri, anthu akale anakumba ngalande m'nthaka n'kuthiramo choko choswaswa, kutalika kwake mamita 110, ndipo akatswiri atayeza dothi lake anapeza kuti yatha zaka pafupifupi 3,000. Ukakhala pafupi suiona yonse, umangoona timizere toyera tokhotakhota, apa mwendo apo khosi, imaoneka bwino ukakhala kutali kumunsi uko. Ndinaima pafupi ndi mutu, kuseri kwa chingwe poti salola kupondapo, diso lake lili mbee ngati ufa wothira pamphasa, ndipo m'mbali mwa mzere timaudzu tayamba kale kulowerera.

Timaudzu timeneto ndi tomwe tandikhalitsa chete. Chifukwa akanati aisiye zaka zochepa chabe osaisamala bwenzi udzu utaimeza kalekale. Ndiye kuti mibadwo yonseyi pakhala pali anthu okwera phiri lija kukazula udzu ndi kuthira choko chatsopano, mafumu kusintha, zilankhulo kusintha, mapemphero kusintha, koma iwo osasiya. Mpaka pano anthu ongodzipereka amabwera ndi ndowa za choko ndi mahamala, n'kugwada n'kumasinja. Nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anachita kuifunditsa kuti ndege za Germany zisamailondole, nkhondo itatha anaivundukulanso. Ndinakumbuka mmene timapitira kukalambula kumanda kwathu, makasu paphewa, ngakhale manda a agogo omwe sitinawaonepo nkhope. Achemwali nditawauza anangoti eya, n'chimodzimodzi.

Kumunsi kwake kuli kaphiri kosalala pamwamba, Dragon Hill, komwe nthano imati George Woyera anaphera chinjoka, ndipo pali malo pomwe udzu sumera, ati ndi pomwe panagwera magazi. Mwana uja anathamangirako kukaona yekha, anabwera nsapato zili zoyera ndi choko. Ku Uffington Castle pamwamba tinangodutsa mwachangu, ndi zitunda za linga lakale basi, kuzizira kunali kutatikwana.

Tiyi tinamwera m'galimoto, wa mufulasiki ndi mandasi omwe achemwali anakazinga usiku. Ndafika kunyumba ndatsegula intaneti kufufuza tsiku lomwe adzathirenso choko, ndikufuna ndidzalembetse dzina, shifiti ndidzasinthana ndi mnzanga.