Musanafufute WordPress, yambani mwasunga database ndi zithunzi

Sabata yatha mlongo wanga anandiimbira usiku ndithu, akuti website ya shopu yake ya zitenje yapenga, munthu ukadina pa chithunzi ikukutengera ku masamba a juga. Nditalowa mu cPanel, malo oyendetsera website pa server, ndinapeza zomwe ndimaopa zija, theme (imene imapatsa website maonekedwe ake) yomwe anamuikira mnyamata wina chaka chatha inali yakuba, zija amati nulled, ndipo inabwera ndi zoipa zake zobisika mkati. Iye anangoti "achimwene, ingofufutani zonse tiyambirenso." Ndinamumvetsa, anali atatopa nazo, koma ndinakana kuthamanga chifukwa anthu ambiri amalirira pomwepa.

Mafayilo enieni a WordPress, pulogalamu yomwe imayendetsa website yakeyo, monga mafoda a wp-admin ndi wp-includes, si odandaulitsa, mutha kukawatenganso ulere pa wordpress.org nthawi ina iliyonse. Katundu wanu weniweni ali malo awiri. Zolemba zonse, mitengo, ma page, maakaunti, makomenti a makasitomala, zonsezo zimakhala mu database ya MySQL, nkhokwe ya zolemba za website. Zithunzi zimakhala mu wp-content/uploads, m'mafoda a chaka ndi mwezi. Ndinatsegula foda ya 2023 n'kuona zitenje zomwe mlongo wanga ankajambula yekha ataziyanika pa chingwe kuseri kwa nyumba, dzuwa likuwala bwino, ndipo zina mwa zithunzizo zinapita kale ndi foni yake yakale ija. Zikanafufutika pamenepo ndiye basi, kunalibenso kokazitenga.

Ndiye ndinayamba ndi phpMyAdmin, chida cha mu cPanel chotsegulira database, kusankha database yake, Export, kafayilo ka .sql kanatsika mwachangu. Kenako mu File Manager ndinapanga zip ya uploads yonse, ndinatenganso wp-config.php chifukwa m'menemo ndi momwe muli dzina la database, username, password ndi prefix ya matebulo (zilembo zoyambira mayina a matebulo a mu database), kawirikawiri imakhala wp_ koma osangoganizira ayi, tsegulani muone. Ndipotu fayilo ya .htaccess, yomwe imalongosola ma link a website, imabisala, mpaka muyatse kaye zoonetsa mafayilo obisika mu Settings.

Chomwe chinandiopsa ndi ichi. Zip ija ili mkati motsika magetsi anathima, router n'kuzima. Atabwera ndinaona fayilo ilipo pa laptop, dzina lake lili bwinobwino, koma nditayesa kuitsegula inakana, inali yoduka. Ndikanangokhulupirira kuti backup ndili nayo n'kukafufuta ku server, bwenzi pano ndikuyankhula zina. Ndinagulanso bundle, kutsitsanso, kutsegula zip n'kumaona zithunzi ndi maso angawa. Chonde backup muziitsegula kaye, ndikunena izi ndi mtima wonse.

Kwa amene munaika WordPress kudzera pa Softaculous, chida cha mu cPanel choikira mapulogalamu, pochotsa pamabwera timabokosi tofunsa ngati afufutenso database. Werengani mofatsa musanadine. Komanso ngati website yanu sinalowedwe ndi akuba, yangosokonekera chabe, musavutike ndi zonsezi, pitani pa Dashboard, Updates, pali batani loikanso WordPress lomwe silikhudza zolemba zanu.

Yathuyi inali yolowedwa, ndiye ndinachotsa wp-admin, wp-includes, ma plugin onse (timapulogalamu toonjezera pa WordPress) ndi theme yoipayo, n'kuika zatsopano zochokera kwa eniake. Mu uploads ndinafufuza foda iliyonse ndipo ndinapezamo timafayilo titatu ta .php ta mayina osamveka titabisala pakati pa zithunzi, pomwe sipayenera kukhala zoterozo. Mu tebulo la wp_users munalinso admin wina yemwe tonse sitimudziwa. Ndinamuchotsa, kusintha ma password onse, ya cPanel, ya database, ya admin, kusinthanso ma key achitetezo a mu wp-config.php kuti aliyense amene anali atalowa atulutsidwe.

Nditalumikiza database yakale ija tsamba loyamba linatseguka koma ena onse ankangoonetsa 404, kutanthauza kuti tsamba silikupezeka. Apa musadandaule, ingopitani pa Settings, Permalinks, n'kudina Save osasintha kalikonse, .htaccess imalembedwanso.

Ndinamaliza cha m'ma 2 koloko usiku. M'mawa mlongo wanga anatumiza uthenga pa WhatsApp, "achimwene zonse zilipo, ngakhale chitenje chofiira chija." Tagwirizana kuti mwezi ukamatha ndizimutsitsira database ndi uploads pa flash, ina azisunga iye ku shopu, ina ine kunyumba.