Nkhwazi ya ku Thumbi ndi kamera ya alamu

Ndiyambe ndaulula kuti kamera sinali yanga. Inali ya alamu anga omwe amajambula maukwati, ndipo pondibwereka pamodzi ndi lenzi yaitali ya 400mm anandifunsa mafunso ngati ndikudzafunsira mwana wawo.

Sabata yonse ndinali nditakhalira mavidiyo a pa YouTube. Akatswiri a mmenemo amati mbalame yongokhala phee pa nthambi ndi chithunzi cha pa chiphaso cha unzika basi. Chithunzi chenicheni chizikamba nkhani, mbalame ikhale ikugwira chakudya, ikudyetsa ana kapena ikulimbana ndi inzake. Diso lake lioneke bwino. Osaiika pakatikati, koma cha m'mbali, n'kusiya mpata kutsogolo komwe ikuulukira. Lamulo lalikulu linali lakuti tsikani pansi, kamera ilingane ndi maso a mbalameyo. Limeneli ndi lomwe linandionetsa zakuda.

Ku Cape Maclear tinanyamuka pa gombe la Chembe dzuwa likungosuzumira, ine, mwini boti ndi kamnyamata kake kothandizira. Tinalunjika ku chilumba cha Thumbi komwe nkhwazi zimakhala m'mitengo pamwamba pa miyala. Tisanaione tinaimva kaye, kulira kuja imachita itagadamitsa mutu. Kenako inaoneka, mutu ndi chifuwa mbee. Mbalame imeneyi ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu, ilinso pa mbendera ya anzathu a ku Zambia, koma ulemu wonsewo ku Thumbi amaugula ndi kansomba kamodzi.

Mwini boti anatenga nsomba, n'kuilowetsa kamtengo kuti iyandame, analiza likhweru n'kuiponya.

"Konzekani bwana, ikubwera!"

Ndinali nditaika liwiro la shata, kachitseko ka m'kamera kolowetsa kuwala, pa 1/2000 ya sekondi monga anandiphunzitsira. Ndinakanikiza, kamera n'kumangoti tatatata ngati makina osokera. Poyang'ana, madzi okhaokha. Okongola ndithu, koma madzi. Nsomba yachiwiri ndinapeza mchira wa nkhwazi ukutuluka m'chithunzi. Yachitatu ndinajambula khutu la mwini boti, looneka bwino mpaka tiubweya.

Pofika nsomba ya nambala 7, nkhwazi inali itakhuta ndipo inayamba kutiyang'ana ngati apongozi omwe mwawapatsa nsima kachitatu. Mwayi unali wakuti inabwera inzake, yocheperako thupi. Mwini boti anati ndi yaimuna, poti kwa nkhwazi wamkulu thupi ndi mayi. Sindinayankhe, zimenezi kwathu si zachilendo.

Pamenepo ndinazindikira vuto langa. Ndinkajambula nditaima ngati kondakitala. Malamulo amati tsikani. Ndinagwada. Sizinakwane. Ndinagona chafufumimba m'mphepete mwa boti, theka la thupi lili kunja, lenzi ikutsala pang'ono kunyambita madzi.

"Bwana, bwererani pang'ono," anatero mwini boti.

"Achimwene, inu ponyani nsomba. Za kamera ndisiyireni."

Anaponya. Nkhwazi inatsika, zikhadabo patsogolo, ikubwera molunjika kwa ine. M'lenzi ya 400mm chinthu chimaoneka ngati chafika kale pamphuno. Ndinakuwa "Mayo!" n'kuzinda, kamnyamata kanathamangira mbali yanga kuti kandigwire, boti linapendekeka, ine thibu!

Chomwe chinabwera m'mutu si ana anga ayi, ndi nkhope ya alamu. Dzanja la kamera linapita m'mwamba lokha, ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho. Jekete yoyandamitsa inandikwera mpaka m'makutu, nsapato imodzi inatsikira kwa tinsomba ta mbuna, ine ndikumwa nyanja ya Malawi pang'onopang'ono uku ndikufuula kuti, "Kamera kaye! Landirani kamera kaye!"

Kamera inapulumuka, inangodontheredwa pang'ono. Foni yanga inali m'thumba, inafera pomwepo.

Pobwerera, ndikunjenjemera, kamnyamata kaja kanandionetsa foni yake yosweka galasi. Kanali katajambula. Ine ndili cha kumanzere m'munsi, pakamwa yasa, dzanja m'mwamba. Pamwamba panga nkhwazi, mapiko tambasu, nsomba ili m'zikhadabo, madzi akudontha. Kumbuyo chilumba, kuwala kwa m'mawa kuli pyuu. Mwa zithunzi zanga 340 panalibe n'chimodzi chomwe choyandikirako.

Ndinakapempha kanditumizire, koma poti foni yanga inali itafa, ndinapereka nambala ya mayi a kunyumba. Ndimafika pa Monkey Bay chithunzi chili kale pa gulu la WhatsApp la banja, la mpingo, ndi la banki m'khonde.

Pobweza kamera, alamu anaitembenuza uku ndi uku, n'kuinunkhiza. Kenako anatulutsa foni yawo n'kuchiyang'ana chithunzi chija nthawi yaitali, osaseka.

"Mwaona mpata wasiya kutsogolo kwa nkhwaziyi? Mwaona pomwe wakuikani inuyo?" Anapukusa mutu. "Alamu, mwanayu nambala yake muli nayo? Ndili ndi ukwati ku Mangochi mwezi wamawa."