Nkhondo ya chiwaya inayenda pamitu ya anthu

Sabata yonse ino ndakhala ndikuwerenga za Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse pokonzekera mayeso. Poyamba ndinkangoloweza: inayamba mu 1914, inatha mu 1918, ndipo inagwetsa maufumu anayi, wa Germany, wa Austria-Hungary, wa Russia ndi wa Ottoman. Mafakitale ndi amene ankaidyetsa. Pa 1 Julayi 1916 pokha, ku Somme m'dziko la France kunafa asilikali a Britain oposa 19,000. Amuna atatha m'mizinda, amayi analowa m'mafakitale a zipolopolo, ndipo mu 1918 amayi ena a ku Britain a zaka 30 kupita m'tsogolo analoledwa kuvota.

Koma mtima unandigunda nditafika pa za kuno kwathu. Makolo ankaitcha nkhondo ya chiwaya, dzina la mfuti yolira mosalekeza ija. Madzulo ake ndinaima pamene mayi wina ankakazinga chimanga, n'kumamvetsera mmene chinkathethekera, ndipo dzinalo linandilowa.

Ku Ulaya katundu ankayenda pa sitima. Kuno misewu kunalibe yokwanira, ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, choncho mpunga, zipolopolo ndi mabokosi a mankhwala zinkasenzedwa ndi anthu. Amenewa ndiwo a tengatenga. Mafumu ankakakamizidwa kupereka amuna, ena ankagwidwa usiku m'nyumba zawo, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi osaombapo mfuti. Kumudzi minda inatsala ndi amayi ndi nkhalamba. Mu 1918 chimfine chimene chinagwa pa dziko lonse chinadzapeza anthu atafooka kale.

Apa m'pamene ndamumvetsa bwino John Chilembwe. Nkhondo ya ku Karonga ya mu Seputembala 1914, ya pakati pa asilikali a Britain ndi a Germany, itachitika, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akukhetsa magazi pa mkangano umene si wawo. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ndipo pa 3 Febuluwale iye anaphedwa. Kale ndinkaphunzira za Chilembwe padera, za nkhondo padera, ngati kuti sizidziwana. Zimenezi zimandiwawa ndithu.

Mayeso akatha ndikufuna kupita ku Zomba, pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles. Ndikawerenga mayina amene analembedwapo, kenako ndikafunse agogo kumudzi ngati m'banja mwathu munali munthu amene anasenza katundu wa nkhondoyi.