Majumbo a mu Mudi andifikitsa ku Nairobi

Sabata yanga yoyamba ku Nairobi ndinapita pa kamsika ka pafupi ndi kumene ndimagona kukagula tomato ndi masamba omwe kuno amati sukuma wiki. Mayi ogulitsawo atandiwerengera tomato anangokhala chete kundiyang'ana m'manja. Ine ndinkadikira jumbo, iwo ankadikira kuti nditulutse chikwama changa. Kuno dziko la Kenya linaletsa majumbo mu Ogasiti 2017, ndipo wopezeka akupanga kapena kugulitsa atha kulipira chindapusa chofika mashilingi 4 miliyoni kapena kukhala kundende mpaka zaka 4. Ndinagula kathumba kansalu, ndipo mpaka lero ndimayenda nako.

Ndili kuno kuchita digiri yachiwiri ya malamulo ndi ndondomeko zosamalira chilengedwe pa CASELAP, nthambi yophunzitsa maphunziro amenewa ku University of Nairobi. Anzanga ambiri a ku Blantyre amadabwa kuti bwanji sindinasankhe malamulo a zamalonda, komwe kuli ndalama. Yankho langa ndi mtsinje wa Mudi. Ndinakulira ku Ndirande, ndipo ndimadziwa mmene Mudi amaonekera mvula yoyamba ikagwa: madzi akuda bii, majumbo abuluu atakolekeka pa mizu ndi pa miyala, fungo lofika mpaka pamlatho. Amayi ankatiuza kuti kale anthu ankachapamo zovala. Ife sitinauone choncho.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri m'kalasi n'chakuti kwathu malamulo alipo, abwino ndithu. Ndime 13 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imalamula boma kusamala chilengedwe poganizira ngakhale ana amene sanabadwe. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017, lomwe linalowa m'malo mwa la 1996, linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, komanso limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo. Majumbo opyapyala, osafika ma micron 60 (micron ndi kamuyezo kakang'ono kwambiri ka makulidwe), boma linawaletsa mu 2015, Kenya isanatero. Makampani anathamangira kukhoti kukatenga chiletso choimitsa lamuloli, mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera boma, koma ziletso zina za khoti zoimitsa lamuloli zinabweranso, zaka zikupita, majumbo ali mbwee pamsika. Tsiku lomwe ndinafotokoza nkhaniyi m'kalasi, mnzanga wa ku Kisumu anandifunsa kuti, kodi amene amayenda m'misika ndi m'mafakitale kuyeza makulidwe a jumbo ndi anthu angati, ndipo ali ndi galimoto ndi mafuta? Funso limeneli landikhala m'mutu kuposa mabuku onse a chaka chino.

Phunziro lomwe landigwira mtima ndi la amene ali ndi mphamvu yokadandaula kukhoti. Malamulo oyendetsera dziko la Kenya a 2010 amati munthu angathe kusuma pa nkhani ya chilengedwe ngakhale asanaonetse kuti iye mwini wavulazidwa, ndipo anakhazikitsa khoti lapadera la nkhani za malo ndi chilengedwe. Tinawerenga mlandu wa anthu a ku Owino Uhuru ku Mombasa, omwe anadwala ndi mtovu wochokera pa fakitale yosungunula mabatire akale. Mayi Phyllis Omido anawatsogolera kwa zaka zambiri, ndipo mu 2020 khoti linagamula kuti apatsidwe chipukuta misozi cha mashilingi 1.3 biliyoni. Ndinawerenga chigamulocho mpaka usiku wapakati mulaibulale, ndikuganiza za azimayi a kwathu amene amathirira masamba ndi madzi a mu Mudi, masamba omwe ifenso timadya.

Maphunzirowa ndi olemera. Timawerenga mapangano a mayiko, kuyambira wa ku Rio mu 1992 kufika wa ku Paris mu 2015, timaphunziranso za chuma ndi sayansi ya madzi, zomwe ine sindinazizolowere. Lendi nayonso ikuluma.

Mutu wa kafukufuku wanga aphunzitsi auvomereza sabata yatha: chifukwa chiyani chiletso cha majumbo chinagwira msanga ku Kenya koma kwathu chinachedwa chotere. Mu Disembala ndibwera kudzacheza ndi mavenda a ku Limbe ndi ku Ndirande, makamaka ogulitsa chipisi ndi mafuta ophikira a m'timachubu, chifukwa iwowo ndi amene adzafunse kuti tsopano tizikulungira chiyani. Mafunso ndalemba kale m'Chichewa, ndipo ndayamba kuwayesa pa achemwali anga pa WhatsApp, omwe amagulitsa mandasi pa siteji.