Ku Atlanta, pa mpando umene aphungu anakaniza Julian Bond

Ponyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu kupita ku America, cholinga changa chinali kukaona mwana wa mchemwali wanga amene amagwira ntchito ya unamwino mu mzinda wa Atlanta, likulu la chigawo cha Georgia, ndipo zokayendera nyumba ya malamulo ya eni ake sizinali m'mutu mwanga. Chimene chinanditulutsa m'nyumba ndi kusungulumwa, pakuti mwanayo ankalawirira m'bandakucha n'kumabwera kutada, ine n'kumangotsala ndekha ngati mlonda. Tsiku lina madzulo anandipatsa khadi lokwerera sitima ya MARTA, nati: "Amalume, kukhala kumeneku mudwala nako. Mawa mukatsike pa siteshoni ya Georgia State, ndipo mukaona denga lagolide mudziwe kuti mwafika."

Unali mwezi wa Febuluwale, kukuzizira kwa mtundu wolowa m'mafupa, moti jekete imene ndimadalira m'chisanu cha ku Dedza inangokhala ngati malaya wamba. Denga lija ndinaliona ndisanawoloke n'komwe msewu. Nyumbayo anaimaliza mu 1889, ndipo golide amene anamata pamwamba pake anachokera ku Dahlonega, kumpoto kwa Georgia komweko. Kwa ife amene tinazolowera Nyumba ya Malamulo imodzi yokha ya ku Lilongwe, ndi bwino kufotokoza kuti ku America chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi bwanamkubwa wake ndi aphungu ake, amene amakhazikitsa malamulo okhudza sukulu, misewu, ndende ndi misonkho ya m'chigawomo, mosiyana ndi aphungu a dziko lonse amene amakumana ku Washington. Ku Georgia kuli nyumba ziwiri: yaing'ono ya aphungu 180, ndi ya Senate ya aphungu 56. Onsewa amasankhidwa pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo amakumana masiku 40 okha pa chaka kuyambira mu Januwale, kotero kuti ambiri mwa iwo ali ndi ntchito zina zimene amadyera.

Ndisanalowe ndinazungulira bwalo la kunja, limene ladzaza ndi ziboliboli za anthu amene pa moyo wawo sakanadyera mbale imodzi. Pali John Brown Gordon, mkulu wa asilikali amene anamenyera mbali yofuna kusunga ukapolo, atakwera pa hatchi; pali Jimmy Carter atapinda manja a malaya; palinso Martin Luther King Jr., amene chiboliboli chake anachiimika mu 2017. Koma chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi chosema cha mkuwa chosatalika kwenikweni, chotchedwa Expelled Because of Color, chimene chimakumbutsa za aphungu akuda 33 amene anasankhidwa itangotha nkhondo yapachiweniweni, anzawo achizungu n'kuwachotsa pa uphungu mu 1868 pa chifukwa cha khungu lawo basi. Amene anachititsa kuti chosemacho chiikidwe pamenepo mu 1978 ndi gulu la aphungu akuda a ku Georgia, ndipo mmodzi mwa amene anayambitsa gululo ndi Julian Bond, munthu amene nyumba yomweyo inamutsekera chitseko patadutsa zaka pafupifupi 100 chichitikire zoyamba zija.

Bond sanali mwana wa mlimi wosauka monga anzake ambiri omenyera ufulu. Anabadwa pa 14 Januwale 1940 ku Nashville, m'chigawo cha Tennessee, pa chipatala cha Hubbard, chimene ndi cha sukulu ya udokotala ya Meharry. Dzina limeneli Mmalawi aliyense wokonda mbiri amalidziwa, chifukwa ndi kumene Dr. Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a udokotala mu 1937, kutatsala zaka zitatu kuti mwanayo abadwe. Bambo ake, Dr. Horace Mann Bond, anali mkulu wa koleji ya Fort Valley ku Georgia, ndipo mu 1945 anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera Lincoln University ya ku Pennsylvania, kumene anaphunzira Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria ndi Kwame Nkrumah wa ku Ghana. Choncho Julian anakulira m'nyumba ya mabuku, kumene ophunzira otchuka ankafika ngati alendo a masiku onse, ndipo sekondale anakaphunzira pa George School, sukulu yogonera konko ya mpingo wa Quaker. Tsankho la kummwera anadzaliona ndi maso mu 1957, banja lawo litasamukira ku Atlanta, iye n'kulowa koleji ya Morehouse.

Mu 1960, ophunzira akuda atayamba kukhala dala m'malo odyera amene ankaloleza azungu okha, Bond anali mmodzi mwa amene anakonza zionetsero zoterozo mu Atlanta, ndipo chaka chomwecho anali m'gulu la oyambitsa bungwe la ophunzira lomenyera ufulu wa anthu akuda mopanda chiwawa la SNCC (Student Nonviolent Coordinating Committee). Anasiya sukulu mu 1961 kuti akhale wofalitsa nkhani wa bungwelo, ndipo digiri yake anadzaimaliza mu 1971 ali phungu kale. Ntchito yake inali ya pa telefoni ndi pa taipi: anzake akamenyedwa kapena kumangidwa m'matauni ang'onoang'ono a ku Mississippi ndi Alabama, iye ankaonetsetsa kuti atolankhani a ku New York amva tsiku lomwelo, pakuti apolisi ankachita manyazi pang'ono akadziwa kuti dziko likuwaona.

Pa khomo alonda anaona pasipoti yanga, anandidutsitsa pa makina, n'kundilozera chikepe chopita pa nsanjika yachinayi, pamene pali khonde la alendo loyang'anira pansi pamene aphungu amakhala. Tsikulo nyumba inali ikukumana. Ndinakhala pakati pa ana a sukulu amene anabwera ndi aphunzitsi awo, ndipo zimene ndinaona sizinasiyane kwenikweni ndi za kwathu: wina akulankhula kutsogolo, ena akunong'onezana, ena akusuzumira m'mafoni, mpaka belu la voti litalira, aliyense n'kuthamangira pa desiki yake kukadina batani, mayina awo n'kuyaka pa bolodi la pakhoma. Ana aja chidwi chawo chinali pa mwana wa ng'ombe wa mitu iwiri amene anamuumitsa n'kumuika m'galasi kunja kwa khondelo, ndipo ndivomere kuti nanenso ndinakamuona. Koma maso anga ankabwererabe pa madesiki akale amatabwa aja, poganiza za zimene zinachitika pamenepo pa 10 Januwale 1966.

Chiyambi chake chinali chakuti makhoti analamula kuti madera a aphungu agawidwenso potengera kuchuluka kwa anthu, chifukwa kale maboma a kumudzi okhala ndi anthu ochepa ndi amene ankadzaza nyumbayo, mzinda wa Atlanta n'kumangopatsidwa nyenyeswa. Madera atsopano atapangidwa, panachitika chisankho chapadera mu 1965, ndipo Bond, ali ndi zaka 25 zokha, anaimira dera la nambala 136 pa tikiti ya chipani cha Democratic, nayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu zimene zikuwasowetsa tulo, n'kupambana ndi mavoti ochuluka. Kutatsala sabata imodzi kuti alumbire, mnyamata wina wa SNCC dzina lake Sammy Younge Jr., amene anatumikirapo m'gulu la asilikali a panyanja, anawomberedwa ku Tuskegee pa mkangano wa chimbudzi cha azungu pa malo omwetsera mafuta. Bungwelo linatulutsa chikalata chodzudzula nkhondo ya ku Vietnam, ponena kuti boma silingatumize anyamata akuda kukafera ufulu wa anthu akutali pamene likulephera kuwateteza kwawo, ndipo linasonyeza kumvetsa anthu okana kulembedwa usilikali. Mtolankhani wina wa wailesi atamuimbira Bond kumufunsa ngati akugwirizana nacho, iye anavomera mosapita m'mbali.

Pa tsiku lolumbira anamuuza kuti aime pambali pamene anzake ankakweza manja. Komiti inamvetsera mawu ake amene anajambulidwa pa tepi, ndipo madzulo ake nyumba, imene pa nthawiyo inali ndi aphungu ambiri kuposa lero, inavota: aphungu 184 anati asakhale pa mpando, 12 okha ndi amene anamuikira kumbuyo. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti munthu wolankhula choncho sangalumbire moona mtima kuti adzateteza malamulo a dziko. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi khalidwe la anthu a m'dera lake. Mpando utalengezedwa kuti ulibe munthu, anavotanso mu Febuluwale n'kusankha Bond yemweyo, ndipo anamukananso. Pa chisankho cha mu Novembala anamusankha kachitatu. Martin Luther King Jr., amene nyumba yake inali m'dera lomwelo, anatsogolera anthu kuguba mpaka pa masitepe a nyumbayi, ndipo anaika dzina lake pa mlandu monga wovota amene walandidwa womuimira. Khoti loyamba linagamula mokomera nyumba ya malamulo, oweruza awiri kutsutsana ndi mmodzi, koma pa 5 Disembala 1966 khoti lalikulu la dziko lonse, pa mlandu wotchedwa Bond v. Floyd, linagwirizana oweruza onse 9 kuti ufulu wa Bond wolankhula unaphwanyidwa. Mkulu wa oweruza, Earl Warren, anafotokoza kuti phungu sangakhale ndi ufulu wolankhula wochepa kuposa nzika wamba, chifukwa ndi udindo wake kunena poyera pamene waima pa nkhani zovuta kuti omusankha amudziwe ndi kumuweruza okha. Ndili pakhonde paja ndinakumbukira kuti 1966 yomweyo ndi chaka chimene dziko lathu linakhala la chipani chimodzi, ndipo phungu wa ku Zomba amene akanayerekeza kutsutsa boma chotere analibe khoti lothawirako.

Bond analumbira mu Januwale 1967, mwezi womwewo umene aphunguwo anasankha Lester Maddox kukhala bwanamkubwa, munthu amene anatchuka pothamangitsa anthu akuda pa lesitilanti yake. Chaka chotsatira, pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku Chicago, Bond anatsogolera nthumwi zopikisana ndi zimene Maddox anasankha, ndipo dzina lake linatchulidwa kuti aimire pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti. Anakana yekha, pakuti anali ndi zaka 28 pamene malamulo amafuna 35.

Tsiku lotsatira ndinakwera sitima yolowera kumadzulo n'kutsika ku Vine City, dera limene linamutuma katatu konse. Mbali imodzi kuli bwalo lamasewero la Mercedes-Benz, lonyezimira ngati ndege yotera, ndipo mbali inayo kuli timisewu ta nyumba zamatabwa zokhala ndi makhonde, zina zopentedwa bwino, zina zokhomedwa mazenera, ndi mapoloti ongomera udzu. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka ku Morehouse, ndipo m'njiramo ndinazindikira kuti zaka 20 zimene Bond anakhala phungu sizikumbukika monga chaka chimodzi chimene anali kunja. Anakhala m'nyumba yaing'ono mpaka 1975, kenako mu Senate mpaka kumayambiriro kwa 1987, akulimbana ndi zinthu zosakopa makamera monga kuyeza matenda a magazi a sickle cell ndi ngongole za nyumba kwa anthu opeza zochepa. Omutsutsa ankati amakonda kuyendayenda kukalankhula m'mayunivesite kuposa kukhala m'makomiti, ndipo sindikuganiza kuti ankanama kotheratu, poona kuti pa nthawi yomweyo analinso pulezidenti woyamba wa Southern Poverty Law Center, bungwe lolimbana ndi tsankho kudzera m'makhoti, kuyambira 1971 mpaka 1979.

Ntchito yake yaikulu mu Senate ndi imene inadzamugwetsa. Anamenya nkhondo kuti malire a dera lachisanu la aphungu a ku Washington ajambulidwe mwakuti anthu akuda a mu Atlanta akhale ambiri mmenemo, ndipo mpandowo utatseguka mu 1986 anthu ambiri ankati ndi wake kale. Amene anapikisana naye anali John Lewis, mnzake wa ku SNCC, mwana wa mlimi wa ku Alabama, amene apolisi anamuswa mutu pa mlatho wa ku Selma mu 1965. Bond anatsogola pa chisankho chachipulula koma sanafike theka la mavoti, ndipo pa chibwereza Lewis anamuposa pang'ono, atathandizidwa kwambiri ndi mavoti a azungu a m'deralo. Kampeniyo inali yowawa, makamaka Lewis atamuuza poyera kuti akayezetse ngati sagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, Bond n'kukana ponena kuti kumeneko n'kulowerera moyo wa munthu. Ubwenzi wawo unatenga zaka kuti ubwerere. Bond sanaimenso pa chisankho. Anakaphunzitsa mbiri ku University of Virginia ndi ku American University, anakhala wapampando wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, kuyambira 1998 mpaka 2010, ndipo anamwalira pa 15 Ogasiti 2015 ku Fort Walton Beach, m'chigawo cha Florida, ali ndi zaka 75.

Pobwerera ndinatsikanso pa Georgia State kuti ndijambule denga lija dzuwa likulowa, chifukwa dzulo lake kunali mitambo. Nditamaliza ndinatembenuka kuti ndilowe mu siteshoni, ndipo m'pamene ndinawerenga dzina lolembedwa pa nsanja ziwiri za maofesi a boma zimene zinamangidwa pamodzi ndi siteshoniyo, zimene ndinadutsamo kawiri konse osakweza maso. Ndi dzina la James "Sloppy" Floyd, phungu amene anatsogolera anzake pokaniza Bond mpando, yemwe uja wa pa mlandu wa Bond v. Floyd. Ndinajambulanso chikwangwanicho, ndipo sitima yanga inandisiya, moti ndinadikira ina pa mphepo.